Kaundula wa Mafayilo ndi Chiwerengero cha Ogwiritsa

Chilichonse chimene munthu wasunga mu foni kapena mu kompyuta, kaya ndi nyimbo, chithunzi cha paukwati, kalata yofunsira ntchito kapena mndandanda wa mayina a ophunzira, chimakhala mu fayilo. Mafayilowo saunjikidwa chisawawa pa disiki. Pali pulogalamu imene imadziwa pamene fayilo iliyonse yaikidwa, dzina lake, kukula kwake, mwini wake, ndiponso malo amene akadali opanda kanthu. Pulogalamu imeneyi, pamodzi ndi kayalidwe ka zinthu pa disikipo, ndiyo dongosolo la mafayilo. Makompyuta a Windows amayendera dongosolo lotchedwa NTFS, ambiri a Linux amayendera ext4, mafoni a Android amayendera ext4 kapena F2FS, pomwe ma memory card ndi mafulashi ambiri amagulidwa ali ndi FAT32 kapena exFAT.

Disiki imagawidwa m'magawo ofanana otchedwa mabuloko, ndipo pa ext4 buloko limodzi nthawi zambiri limakhala la mabayiti 4,096. Ena mwa mabulokowa amasunga zamkati mwa mafayilo. Ena amasunga mbiri yofotokoza za mafayilowo, ndipo mbiriyi ili pamitundu itatu ikuluikulu. Pali mapu osonyeza mabuloko amene atengedwa ndi amene sanatengedwe. Pali inode, kambiri ka fayilo imodzi, kamene kamanena kukula kwake, tsiku limene inasinthidwa komanso mabuloko amene inakhalapo. Pomaliza pali foda, yomwe imagwirizanitsa dzina limene munthu amaona ndi nambala ya inode.

Kusunga chithunzi chimodzi kumafuna kulemba malo anayi osiyana: zamkati mwa chithunzicho, mapu, inode ndi foda. Malowa ali motalikirana pa disiki ndipo salembedwa onse pakamodzi. Pakati pa kulemba koyamba ndi komaliza pamadutsa kanthawi kosakwana ngakhale sekondi, koma magetsi akathima m'kanthawi komweko mbiri ya disiki imatsala ikudzitsutsa yokha. Mapu akalembedwa inode isanalembedwe, mabuloko amaoneka otengedwa pomwe palibe fayilo yowatenga, ndipo malowo amangotayika. Zikachitika motembenuza, inode imaloza mabuloko amene mapu akuti ndi aulere, ndiye mawa lake amapatsidwa kwa fayilo ina n'kulemba pamwamba pa chithunzi chija.

Kuthima kwa magetsi

Pa Nsanama, malo a malonda a m'boma la Machinga pa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja, komanso m'misika ina ya ku Machinga ndi ku Balaka, kompyuta ndi chida chopezera ndalama. Obena nyimbo, otayipa makalata ndi okonza mafoni amalemba ndi kufufuta mafayilo tsiku lonse. Magetsi ambiri a ku Malawi amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kampani ya EGENCO imayendetsa makina, ndipo ESCOM ndiyo imawafikitsa kwa anthu. Madzi oyendetsa makinawo amayamba adutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde. Madzi akachepa, zinyalala zikatseka makina kapena mitengo ya mawaya ikagwa, magetsi amathima mosachenjeza. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunakula mpaka makinawo atayambiranso mu 2023.

Amene amadalira sola nawonso sapulumuka, chifukwa batire likafooka madzulo kompyuta imazima nthawi yomweyo. Foni nayo imatha moto ikujambula, kapena imagwa batire n'kusomphoka. N'chifukwa chake bungwe la Baobab Health, limene linayamba kuika makompyuta olembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe mu 2001, linamanga makina ake pa Linux ndi kuwalumikiza ku mabatire. Komabe batire limangochepetsa ngozi. Dongosolo la mafayilo palokha liyenera kukhala lokonzeka kuzimidwa pa mphindi iliyonse.

Chiyambi cha kaundula

Kale, kompyuta ikazima mwadzidzidzi, poyakanso inkayamba yayendera disiki yonse. Pa ext2, dongosolo limene Rémy Card wa ku France analemba mu 1993, ntchitoyi inkagwiridwa ndi pulogalamu ya e2fsck. Inkawerenga inode iliyonse ndi foda iliyonse, n'kuyerekeza ndi mapu. Zidutswa za mafayilo zopezeka zopanda dzina inkaziponya mu foda ya lost+found zili ndi manambala okha. Disiki ikakula, nthawi yoyendera inkakulanso, moti makompyuta akuluakulu ankatha maola ambiri asanayambe kugwira ntchito.

Yankho linachokera kwa akatswiri osunga mbiri za mabanki ndi makampani m'makompyuta. Lamulo lawo linali lakuti chosintha chilichonse chiyambe chalembedwa pamalo apadera, ndipo chikatsimikizika kuti chalembedwa chonse, ndiye chikalembedwe pamalo pake penipeni. Malo apaderawo amatchedwa journal, ndipo ndi kaundula wa zosintha zimene zili m'njira. Kampani ya IBM inatulutsa JFS mu 1990, Microsoft inatulutsa NTFS mu 1993, ndipo Silicon Graphics inabweretsa XFS m'zaka zomwezo.

Ku Linux, yomwe Linus Torvalds anayambitsa ku Helsinki mu 1991, Stephen Tweedie anawonjezera kaundula pa ext2 n'kupanga ext3, imene inalowa mu Linux 2.4.15 mu November 2001. Iye anapatula ntchito ya kaundula kukhala gawo loima palokha lotchedwa JBD. Mu 2006 gawoli linakoperedwa ndi kukulitsidwa kukhala JBD2, kuti lizitha kuwerenga mabuloko a madisiki aakulu kwambiri. JBD2 ndiyo imagwirira ntchito ext4, imene inalengezedwa kuti yakhwima mu December 2008 ndipo amaiyang'anira ndi Theodore Ts'o. Kuyambira mu December 2010 mafoni a Android anayamba kugwiritsa ntchito ext4, ndipo umu ndi mmene JBD2 inalowera m'matumba a anthu ambirimbiri.

Mmene kaundula amagwirira ntchito

JBD2 siilemba chosintha chilichonse pachokha. Imasonkhanitsa zosintha zambiri kukhala mtolo umodzi, wotchedwa transaction. Ntchito iliyonse yofuna kusintha mbiri ya mafayilo, monga kupanga fayilo kapena kuisintha dzina, imayamba yanena mabuloko angati amene ikhudze, imalowa mu mtolo umene uli wotsegula, imasintha mabulokowo mu RAM (malo osungira zinthu kwakanthawi, amene amafufutika magetsi akathima), kenako n'kutuluka. Pakatha masekondi asanu, kapena pulogalamu ikalamula kuti zinthu zilembedwe msanga, mtolowo umatsekedwa ndipo wina watsopano umatsegulidwa.

Mtolo wotsekedwa umalembedwa mu kaundula motsatira ndondomeko yosasintha. Choyamba ndi buloko lofotokoza kumene buloko lililonse la mu mtolomo liyenera kupita. Kenako amabwera makope a mabulokowo. Disiki ikatsimikizira kuti zonsezi zakhazikika, pamalembedwa buloko lomaliza lotsekera mtolo, lotchedwa commit. Pambuyo pake mabuloko aja amalembedwa pang'onopang'ono m'malo awo enieni, ndipo gawo limeneli limatchedwa checkpoint. Onse akafika, malo amene mtolowo unatenga mu kaundula amamasuka. Kaundulayu ndi wozungulira: kulemba kukafika kumapeto kumayambiranso koyambirira.

Magetsi akathima, kompyuta ikamayakanso imangowerenga kaundula yekha. Mtolo umene uli ndi buloko lotsekera umalembedwanso wonse m'malo ake, ndipo kulembanso buloko limene linafika kale sikuwononga kanthu. Mtolo wopanda buloko lotsekera umatayidwa wonse, ndipo disiki imakhala mmene inalili mtolowo usanayambe. Palinso zolemba zoletsa, zimene zimauza makina kuti buloko lakutilakuti lisabwezeretsedwe chifukwa linasiya kale ntchito yake yakale n'kupatsidwa kwa fayilo ina. Kuyendera kaundula kumachitika katatu: kupeza mitolo yathunthu, kusonkhanitsa zoletsa, ndi kubwezeretsa. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa, kaya disiki ikule bwanji.

Zimene zimadikirira mu RAM

Buloko limene lasinthidwa limakhala mu RAM kwa nthawi ndithu lisanamalize ulendo wake. Kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, imasunga kakalata kofotokoza za buloko lililonse lotere, kotchedwa buffer_head. Bulokolo likalowa m'manja mwa kaundula, JBD2 imamatapo kakalata kachiwiri kotchedwa journal_head. Kakalata kachiwirika kamanena mtolo umene bulokolo lilimo, mtolo wotsatira umene ukulidikirira, ndi mtolo wakale umene ukuyembekezera kuti lifike pamalo pake. Nthawi zina kamasunganso kope la bulokolo mmene linalili mtolo ukutsekedwa.

Timakalatati timapangidwa ndi kufufutidwa mosalekeza, ndipo RAM imene kakalata kalikonse katenga iyenera kubwezedwa kakatha ntchito. Kernel ya Linux inalembedwa kwambiri m'chinenero cha makompyuta chotchedwa C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs cha mu 1972. Mu C mulibe chobweza RAM chokha. Wolemba pulogalamu ndiye ayenera kunena poyera kuti apa pakutengedwa, apa pakumasulidwa. Vuto n'lakuti journal_head imodzi imagwiridwa ndi mbali zingapo nthawi imodzi: pulogalamu imene ikupanga fayilo, ntchito ya kumbuyo imene ikulemba mtolo, ntchito ya checkpoint, ndi mbali ya kernel imene imasakasaka RAM yoti ibweze makina akapanikizika. Palibe imodzi mwa mbalizi imene imadziwiratu kuti ndiyo idzakhale yomaliza.

Kuwerenga ogwiritsa

Njira yothetsera vutoli inafotokozedwa ndi George E. Collins mu 1960. Chinthu chilichonse chogawana chimakhala ndi nambala yosonyeza kuchuluka kwa amene akuchigwiritsa ntchito. Wotenga amawonjezera imodzi. Womaliza nacho amachotsa imodzi. Amene wachotsa n'kupeza kuti nambala yafika pa ziro ndiye amamasula chinthucho. Mu buffer_head nambalayi imatchedwa b_count, mu journal_head imatchedwa b_jcount. Ziwirizi n'zolumikizana, chifukwa journal_head ikamatidwa imawerengedwa kuti ndi mmodzi mwa ogwiritsa buffer_head, ndipo imabweza gawo lakelo ikamachotsedwa.

Zimafanana ndi chipinda cha pamsika chimene ogulitsa angapo asungizamo katundu, mwini wake n'kumalemba pachitseko kuchuluka kwa amene ali ndi matumba mkatimo. Nambala ikafika pa ziro, amachibwereketsa kwa munthu wina. Wina akachotsa katundu wake koma nambala osatsitsidwa, chipindacho chimakhala chotsekedwa mpaka kalekale chili chopanda kanthu. Nambala ikatsitsidwa kawiri chifukwa cha munthu mmodzi, chipinda chimaperekedwa kwa mlendo pomwe wina akudziwabe kuti n'chake, ndipo akabwera adzatenga thumba losakhala lake kapena kuunjika usipa pamwamba pa ufa wa mnzake.

Zolakwika ziwirizi ndizo zimavutitsa mu kernel. Kuiwala kuchotsa kumadya RAM pang'onopang'ono, ndipo kompyuta yosazimidwa kwa miyezi imayamba kulemera. Kuchotsa mopyola n'koopsa kwambiri, chifukwa RAM yomasulidwa imaperekedwa ku ntchito ina pomwe mbali yoyamba ikulembabe momwemo. Zikachitika mu gawo la kaundula, mwayi umakhala wakuti makina aime. Tsoka limakhala lakuti zinyalala zilembedwe mu kaundula kapena pa mbiri ya mafayilo popanda wozindikira, ndipo chida chimene chinapangidwa kuti chiteteze mafayilo chimasanduka chowawononga.

Pali zovuta zina ziwiri. Choyamba ndi mpikisano. Purosesa ya foni yamakono imakhala ndi zigawo zinayi kapena zisanu ndi zitatu zogwira ntchito nthawi imodzi. Chigawo china chikhoza kuona nambala ili pa ziro n'kuyamba kumasula, pomwe china chikutenga chinthu chomwecho. Pofuna kupewa zimenezi, nambala imasinthidwa mwa njira yosadukizika pakati, kapena pansi pa loko amene amalola mbali imodzi yokha kulowa. Nambala ya b_count imatsata njira yoyambayo, pomwe b_jcount imatetezedwa ndi loko.

Chachiwiri ndi kusefukira. Nambala ya mabiti 32 ikawonjezeredwa maulendo 4,294,967,296 imabwerera pomwe inayambira. Mu January 2016 kampani ya Perception Point inaulula cholakwika chodziwika ndi nambala ya CVE-2016-0728, m'gawo la Linux losunga makiyi achinsinsi. Panali njira imodzi yotulukira mu pulogalamu imene inkaiwala kuchotsa imodzi. Munthu woipa akanatha kudutsa njirayo mobwerezabwereza mpaka nambala itazungulira, chinthu n'kumasulidwa chikugwiritsidwabe ntchito, iye n'kulanda ulamuliro wa makina onse. Mzere umodzi woiwalika unakhala khomo la akuba.

Kuwerenga kotereku kumapezekanso pa disiki penipenipo. Inode iliyonse imasunga nambala ya mayina amene akuiloza, poti fayilo imodzi ikhoza kukhala ndi mayina awiri m'mafoda osiyana. Kufufuta dzina kumachotsa imodzi. Mabuloko amamasulidwa nambalayo ikafika pa ziro komanso pulogalamu yomaliza imene inatsegula fayiloyo ikaitseka. Fayilo yofufutidwa ikadali yotsegula, ext4 imailemba pa mndandanda wa mafayilo amasiye, kuti magetsi akathima ntchito yomasula idzamalizidwe makina akayaka.

Kukonza kwa mu 2011

Poyamba b_jcount sinkawerenga onse ogwira journal_head. Inkawerenga okhawo ogwira kwa kanthawi. Kukhala pa mndandanda wa mtolo kapena wa checkpoint kunkadziwika poyang'ana malo ena mkati mwa kakalatako. Choncho kumasula kunkafuna kutsimikiza zinthu zinayi: kuti nambala ili pa ziro, kuti palibe mtolo wa tsopano, palibe mtolo wotsatira, ndiponso palibe mtolo wa checkpoint. Kuwonjezera apo, malo angapo mu JBD2 ankayenera kukumbukira kuitana lamulo lapadera la mu pulogalamu lochotsa journal_head akamaliza kutulutsa buloko pa mndandanda.

Makonzedwe amenewa anali ndi mpata. Mbali imodzi inkatulutsa buloko pa mndandanda n'kupita kukachotsa kakalata, koma pakati pa zochita ziwirizi mbali ina inkatha kukhala itakamasula kale. Yoyamba ija ikafika inkagwira malo opanda kanthu, kernel n'kugwa. Mu 2011 Jan Kara, katswiri wa ku Czech Republic wogwira ntchito ku kampani ya SUSE, sanangotseka mpatawo koma anasintha lamulo lenilenilo. Kuchokera pamenepo, kukhala pa mndandanda wa mtolo kumawerengedwa ngati wogwiritsa mmodzi, ndipo kukhala pa mndandanda wa checkpoint kumawerengedwanso chimodzimodzi. Lamulo lapadera lochotsa lija linathetsedwa. Kumasula kunatsala ndi khomo limodzi, jbd2_journal_put_journal_head, ndi funso limodzi: kodi nambala yafika pa ziro? Zinthu zitatu zotsala zija zinasanduka zongotsimikizira, moti nambala ikafika pa ziro buloko likadali pa mndandanda wina, kernel imaima n'kunena poyera kuti pena palakwika.

Kukonza kwa mu 2019

Kusintha kwina kunabwera chifukwa cha ntchito ya PREEMPT_RT, yofuna kuti Linux izitha kuyankha pa nthawi yake yeniyeni m'makina a m'mafakitale ndi ena osalola kuchedwa. Loko woteteza zamkati mwa journal_head anali kachidutswa kamodzi ka nambala mkati mwa buffer_head. Loko wa mtundu umenewu amatsekereza purosesa kuti isadukizidwe, ndipo zida zofufuzira maloko sizimuona bwino. Thomas Gleixner wa ku Germany anafuna kuikapo loko wamba wokhala mkati mwa journal_head momwemo.

Apa panabuka vuto. Malamulo otulutsa buloko pa mndandanda ankachotsanso imodzi pa b_jcount mkati mwawo, ndipo ankaitanidwa loko ali wotseka. Nambala ikanafika pa ziro pamenepo, kakalata kakanamasulidwa pamodzi ndi loko wake, ndiye woitana akanapita kukatsegula loko amene kulibenso. Jan Kara anatulutsa kuchotsako m'malamulowo n'kukupereka kwa oitana. Tsopano lamulo losamutsa buloko limangoyankha ngati bulokolo latulukiratu pa mndandanda, ndipo woitana amayamba watsegula loko, kenako n'kuchotsa imodzi. Gleixner anasinthanso khomo lomasulira, kuti pansi pa loko pazingochitika kulekanitsa journal_head ndi buffer_head, pomwe kubweza RAM kuzichitika loko atatsegulidwa. Zosinthazi zinalowa mu Linux 5.5 mu January 2020, ndipo PREEMPT_RT inamaliza kulowa mu Linux 6.12 mu November 2024.

Kuyeretsa kwina kumakhala kuchotsa zosafunika. Kwa zaka zambiri JBD ndi JBD2 zinkakhala pamodzi, ndipo cholakwika chopezeka kwina chinkayenera kukonzedwa kawiri. Popeza ext4 imatha kuwerenga ndi kulemba madisiki a ext3, mu 2015 Jan Kara anachotsa pulogalamu ya ext3 pamodzi ndi JBD yakale mu Linux 4.3.

Malamulo amene okonza amatsata

M'ntchito zonsezi muli mfundo zofanana. Gawo lililonse la nambala liyenera kukhala ndi mwini wake wodziwika, kaya ndi mndandanda, mtolo kapena ntchito imene ikuyenda, ndipo zimenezi zilembedwe m'mawu ofotokozera pafupi ndi pulogalamuyo. Kumasula kuchitikire pamalo amodzi. Kutenga ndi kubweza zikhale moonekerana, kuti wowerenga azione zonse ziwiri osasakasaka. Ntchito yolemetsa ichitike loko atatsegulidwa.

Njira zotulukira zinthu zikalephereka zimafuna diso lapadera, chifukwa siziyendedwa kawirikawiri. Disiki ikadzaza, RAM ikasowa kapena kulemba kukakanika, pulogalamu imabwerera pakati pa ntchito itatenga kale zinthu ziwiri kapena zitatu. Mwambo wa mu kernel ndi kusonkhanitsa kubweza konse kumapeto kwa lamulo, chotengedwa pomaliza n'kukhala choyamba kubwezedwa, ndipo njira zonse zotulukira zimadutsa pomwepo.

Kusintha kumagawidwa m'tizidutswa ting'onoting'ono, kalikonse kochita chinthu chimodzi ndi kofotokoza chifukwa chake. Kachidutswa kongokonza kalembedwe sikasakanizidwa ndi kosintha kagwiridwe ka ntchito. Akatswiri ena amawunika kalikonse poyera kasanavomerezedwe, ndipo cholakwika chikadzaoneka patsogolo zimakhala zosavuta kupeza kachidutswa kamene kanachibweretsa.

Zida zothandizira nazo zawonjezeka. Mu 2004 Greg Kroah-Hartman anabweretsa kref, njira imodzi yowerengera imene mbali zambiri za kernel zimagawana m'malo moti aliyense azilemba yake. Mu 2017, mu Linux 4.11, Peter Zijlstra anawonjezera refcount_t, nambala imene ikafika pamwamba penipeni imaima pomwepo osazungulira, ndipo imachenjeza wina akafuna kuikweza kuchoka pa ziro. Maganizo ake ndi akuti kutaya RAM pang'ono n'kwabwino kusiyana ndi kumasula chinthu chikugwiritsidwa ntchito. Chida cha lockdep, cha mu 2006, chimayang'anira katsekedwe ka maloko. Cha kmemleak, cha mu 2009, chimasaka RAM yoiwalika. Cha KASAN, cha mu 2015, chimagwira pulogalamu imene yakhudza RAM yomasulidwa kale. Makina a syzbot a kampani ya Google amaponyera kernel malamulo osokonekera ndi madisiki owonongedwa dala usana ndi usiku, pomwe mayeso a xfstests amatsanzira ngakhale kuzima kwadzidzidzi kuti aone ngati kaundula abwezeretsa zinthu molondola. Mu December 2022 Linux 6.1 inayamba kulandira chinenero cha Rust, mmene kubweza kumachitika kokha chinthu chikatha ntchito, koma JBD2 ikadali yolembedwa mu C.

Malire a kaundula

Kaundula amateteza kugwirizana kwa mbiri ya mafayilo, osati chilichonse chimene munthu watayipa. Dongosolo la ext4 lili ndi njira zitatu. Mu njira ya ordered, imene imagwira ntchito ngati munthu sanasankhe ina, mu kaundula mumalowa mbiri yokha, koma zamkati mwa fayilo zimayamba zalembedwa mtolo usanatsekeredwe. Mu njira ya journal zonse zimadutsa mu kaundula, zimene zimateteza kwambiri koma zimachedwetsa poti chilichonse chimalembedwa kawiri. Mu njira ya writeback mulibe lonjezo la chimene chiyambe, choncho fayilo ikhoza kupezeka ndi zinyalala zakale. M'njira zonsezi, zimene zinali mu RAM mokha magetsi akuthima zimatayika. Mu 2009 anthu oyamba kugwiritsa ntchito ext4 anadandaula kuti mafayilo ena ankapezeka opanda kanthu makina akazima mwadzidzidzi, chifukwa ext4 imachedwetsa kusankha mabuloko. Linux 2.6.30 inachepetsa vutoli, koma pulogalamu yofuna chitsimikizo chonse iyenerabe kuitana lamulo la fsync.

Dongosolo la F2FS, limene kampani ya Samsung inatulutsa mu 2012 ndipo lili m'mafoni ambiri atsopano, limatsata njira ina: limalemba zosintha pamalo atsopano n'kumasunga chizindikiro cha pamene zonse zinali bwino, ndipo makina akazima limabwerera pamenepo. Koma FAT32 ndi exFAT zilibe kaundula. Memory card kapena fulashi yozulidwa ikulembedwa imakhala pangozi yomwe ija ya mapu ndi foda zotsutsana, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene foni imapemphera kuti khadi lifomatidwe. Kulamula kompyuta kuti itulutse fulashi isanazulidwe kumaipatsa mpata womaliza kulemba zotsala mu RAM.

Kaundula sangathandizenso disiki ikafa, foni ikabedwa kapena fayilo ikafufutidwa mwangozi. Zimenezi zimafuna kope lachiwiri losungidwa pa chipangizo china. Nazo zokonza za mu kernel zimafika kwa wogwiritsa pokhapokha makina akalandira pulogalamu yatsopano. Linux yatsopano imatuluka pakatha masabata 9 kapena 10 aliwonse, ndipo zokonza zofunika zimabwezeredwa ku mitundu yakale imene ikusamalidwabe. Kompyuta ya Linux imazilandira mwini wake akaisintha, pomwe foni imadikirira kampani imene inaipanga, ndipo kampaniyo ikasiya kutumiza zosintha, foniyo imakhalabe ndi kernel yakale pamodzi ndi zolakwika zimene zinakonzedwa kale kwina.